MWANA WATHU AKASAMUKIRA KU CHALIMBANA

Chaka cha maphunziro chikamayamba, maminibasi ochokera ku Lusaka amatsitsa achinyamata ambiri pa Chongwe, aliyense ndi chikwama chake, ndowa, mbaula ndi kathumba ka ufa. Ambiri mwa iwo ndi atsopano amene angomaliza kumene Giredi 12, ndipo nkhope zao zimaonetsa chimwemwe cha munthu amene wayamba ulendo. Ena ndi akale, obwerera kumalo kumene amadziwa kanjira kalikonse. Koma pakati pao pamakhalanso kagulu kena kamene sitikatchula kawirikawiri: ophunzira amene anayamba maphunziro ao pa koleji kapena pa yunivesite ina, nachitako chaka chimodzi kapena ziwiri, kenaka nasamuka. M'maphunziro iwowa ndi akale, koma pamalopo ndi alendo.

Nkhani yao imatikhudza ife makolo, chifukwa kumbuyo kwa mwana aliyense wosamuka kuli banja limene linagulitsa chimanga, mbuzi kapena ng'ombe kuti lilipire chaka choyamba chija. Kuli amai amene anauza anzao a mu mphakati kuti mwana wao wapita ku yunivesite ya mumzinda, ndipo tsopano akusowa chonena. Kulinso mwana mwini wakeyo, amene amasenza funso lolemera kuposa chikwama chake: kodi ndabwerera m'mbuyo? M'nkhani ino tifuna kuona moyo wa wophunzira wotere pa sukulu yaing'ono ya kumidzi monga Chalimbana, m'boma la Chongwe: zimene amataya, zimene amapeza, ndi zimene ife tingachite kuti kusamuka kwake kubale zipatso.

Chimawasamutsa n'chiyani?

Zifukwa n'zambiri, ndipo zochuluka mwa izo sizichokera ku ulesi. Choyamba ndi ndalama. Koleji imene si ya boma imafuna malipiro amene banja lingakwanitse m'chaka cha zokolola zabwino. Koma chilala chonga cha 2024, chimene boma linachilengeza m'mwezi wa February chaka chimenecho kuti ndi tsoka la dziko lonse, chimagwetsa zonse zimene banja linakonza. Chachiwiri ndi malo ogona. M'mayunivesite aakulu zipinda n'zochepa poyerekeza ndi unyinji wa ophunzira, kotero kuti ena amagona awiri pa bedi limodzi, pamene ena amachita lendi m'nyumba zodula za m'makomboni oyandikana. Mwana wokulira ku Katete kapena ku Petauke akafika mu Lusaka amapeza kuti gawo lalikulu la ndalama zake likuthera pa lendi ndi pa basi, buku asanagule n'komwe.

Chachitatu ndi maphunziro enieniwo. Alipo amene analowa maphunziro a sayansi chifukwa atate ao ankalakalaka kukhala ndi mwana dokotala, koma pakutha pa chaka anazindikira kuti mtima wao uli pa uphunzitsi, pa nyimbo kapena pa zilankhulo. Alipo amene analephera phunziro limodzi kapena awiri, nauzidwa kuti sangapitirire. Alipo amene koleji yao inatsekedwa kapena inachotsedwa m'kaundula wa boma. Alipo atsikana amene anaima chifukwa cha pakati, ndi anyamata amene anabwerera kumudzi kukadwazika makolo, ndipo pofuna kuyambiranso anasankha malo apafupi ndi otsika mtengo. Pomaliza alipo aphunzitsi amene ali kale ndi dipuloma ya koleji ina ndipo akufuna digiri. Iwowa nthawi zambiri amalowera pakati, osayambira chaka choyamba.

Sukulu imene nayo inasamuka

Chalimbana ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kum'mawa kwa Lusaka. Munthu amatsata mseu waukulu wopita ku Chipata, napatuka pa tauni ya Chongwe, nalowa pakati pa minda ndi midzi ya Asoli, kufupi ndi mtsinje wa Chalimbana. Mbiri ya sukuluyi iyenera kutonthoza wophunzira aliyense wosamuka, pakuti nayonso inachita kusamuka. Chiyambi chake chili kutali, ku America. Mu 1907 mai wina wa mpingo wa Quaker mumzinda wa Philadelphia, dzina lake Anna Jeanes, anapereka madola 1 miliyoni kuti athandize sukulu za kumidzi za anthu akuda kum'mwera kwa dzikolo. Ndalamazo zinkalipira aphunzitsi oyendayenda, amene ntchito yao inali kuyendera tisukulu ta kumidzi, kulangiza aphunzitsi anzao, ndi kuphunzitsa makolo za ukhondo, ulimi ndi ntchito zamanja.

Nzeru imeneyi inafika kuno pambuyo pa ulendo wa bungwe la Phelps-Stokes, limene linayendera maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa mu 1924 kudzaona za maphunziro. Sukulu za Jeanes zinatsegulidwa ku Kabete m'dziko la Kenya, ku Domasi m'dziko la Nyasaland, ndi ku Mazabuka kuno kwathu. Mu 1939 ya ku Mazabuka ija inasamutsidwira ku Chalimbana. Amene ankaphunzira m'sukulu zimenezi anali aphunzitsi okhwima kale pa ntchito, otumizidwa ndi mamishoni osiyanasiyana, ndipo ambiri ankabwera ndi akazi ao ndi ana, nakhala m'nyumba zomangidwa monga mudzi wachitsanzo. Pamene bambo anali m'kalasi, mai ankaphunzira kaleredwe ka ana, kusoka ndi ukhondo wa pakhomo. Pambuyo pake mafumu nawonso ankabwera ku Chalimbana kudzachita maphunziro a kanthawi kochepa, ndipo mpaka lero kulinso sukulu ina yophunzitsa anthu ogwira ntchito m'makhonsolo.

Mmodzi mwa aphunzitsi amene anadutsapo anali Robert Mugabe, amene anaphunzitsa pamenepa kuyambira 1955 mpaka 1958 asanapite ku Ghana. Nayenso anali mlendo wochokera kutsidya kwa Zambezi. Mu 1970 sukuluyi inakhala koleji ya dziko lonse yoonjezera maphunziro a aphunzitsi amene ali kale pa ntchito, yodziwika ndi dzina loti NISTCOL, limene aphunzitsi opuma a m'maparishi athu amalikumbukira bwino. Mu 2013 inakwezedwa kukhala Chalimbana University, monganso zinachitikira ku Kwame Nkrumah ya ku Kabwe ndi ku Mukuba ya ku Kitwe. Lero alipo ophunzira okhala pamalopo chaka chonse, alipo ndi aphunzitsi a m'sukulu zakutali amene amawerengera kwao nabwera kudzasonkhana pa nthawi ya tchuthi.

Tikaona mbiri yonseyi tipeza kuti kwa zaka zoposa 80 Chalimbana yakhala ikulandira anthu amene anayambira kwina. Ndipo si yokha m'boma la Chongwe. Ku Kasisi, mishoni imene Bambo Torrend a chipani cha Ajezuwiti anaiyambitsa mu 1905, kuli sukulu ya zaulimi imene inatsegulidwa mu 1974, kumene alimi a zaka zambiri m'munda amabwera kudzaphunzira kulima mosaononga nthaka. Choncho wophunzira wofika pakati pa ulendo asadzione ngati cholowa chachilendo. Dera limeneli linazolowera anthu a mtundu wake.

Ubwino wa kuchepa

M'maiko ena, makamaka ku America, muli mtundu wa koleji umene amautcha liberal arts college. Dzinali linachokera ku maphunziro asanu ndi awiri amene anthu akale a ku Ulaya ankati ndi oyenera mfulu: galamala, kuganiza molongosoka, kulankhula mwaluso, kuwerengera, kuyeza, nyimbo ndi za nyenyezi. Makoleji otere, monga Williams, Amherst ndi Swarthmore, amakhala ndi ophunzira ochepa, ambiri osapitirira 3,000. Pafupifupi onse amagona pamalopo, makalasi ndi aang'ono, ndipo wophunzira amalawa maphunziro a mitundu ingapo asanazame pa limodzi. Kuno ku Africa chitsanzo chodziwika ndi Ashesi ya ku Ghana, imene Patrick Awuah, yemwe anaphunzira ku Swarthmore, anaitsegula mu 2002 ndi ophunzira 30 okha.

Maganizo a sukulu yotere anawafotokoza bwino John Henry Newman Woyera m'maphunziro amene anapereka ku Dublin mu 1852. Iye ankakhulupirira kuti achinyamata ochokera kumadera osiyanasiyana akakhala pamodzi, namadya pamodzi, namatsutsana ndi kukambirana tsiku ndi tsiku, amaphunzitsana zinthu zimene mayeso okha sangapereke. Kwa iye, theka la maphunziro linali anthu amene ukukhala nao. Mfundo imeneyi ndi yofunika pa nkhani yathu, chifukwa ikutanthauza kuti wophunzira wosamuka akapanda kulowa m'moyo wa anzake, wataya gawo lalikulu la chimene anadzera, ngakhale akhoze mayeso onse.

Chalimbana ndi yunivesite ya boma imene mizu yake ili pa uphunzitsi, ndipo siitchedwa ndi dzina la ku America lija. Komabe m'zinthu zingapo imafanana nao makoleji aja. Ili kutali ndi phokoso la mumzinda. Ndi yaing'ono poiyerekeza ndi University of Zambia, imene inatsegulidwa mu 1966, kapena Copperbelt University ya mu 1987. Ndiponso ntchito yosula aphunzitsi imasonkhanitsa pamalo amodzi zilankhulo, mbiri, masamu, sayansi, nyimbo, masewera ndi luso la manja, pakuti mphunzitsi wa ku pulaimale ayenera kudziwako zonsezi. Wophunzira amene kumene wachokera ankangoona anzake a phunziro limodzi, kuno amagawana tebulo ndi woimba, wamasamu ndi wophunzira kaphunzitsidwe ka ana a mkaka.

Mapepala poyamba

Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo palibe pamene mwambiwu umagwira ntchito kuposa pa nkhani ya mapepala. Chinthu choyamba chimene banja liyenera kudziwa n'chakuti sukulu yolandira ndiyo imagamula kuti ndi maphunziro ati a kusukulu yakale amene awerengedwe. Wophunzira amapereka chikalata cha zotsatira za mayeso ake onse, chimene amachitcha transcript, ndipo n'kwanzeru kutenganso mapepala ofotokoza zimene phunziro lililonse linali nazo. Akuluakulu a sukulu amayerekeza zimenezi ndi zao. Pamene zafanana, wophunzira amakhululukiridwa phunzirolo. Pamene zasiyana, amalibwereza. Si zachilendo kuti munthu amene wachita zaka ziwiri kwina auzidwe kuti chaka chimodzi chokha n'chimene chawerengedwa. Yankho limeneli lipezeke lolembedwa papepala mwana asanatsanzike kusukulu yakale. Tikumbukirenso kuti sukulu zambiri sizitulutsa chikalata cha mayeso ngati wophunzira ali ndi ngongole ya malipiro.

Chachiwiri ndi kaundula wa boma. Bungwe la Higher Education Authority, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2013, ndilo limalemba m'kaundula makoleji ndi mayunivesite amene si a boma, ndi kuvomereza maphunziro amene amaperekedwa. Mwana amene wachokera pa koleji yosalembedwa angapeze kuti khama lake lonse silikuwerengedwa kwina kulikonse. Amene ali ndi masatifiketi a kunja, monga a ku Malawi, ku Zimbabwe kapena ku South Africa, ayenera kupita nao ku Zambia Qualifications Authority kuti akatsimikizidwe. Ndipo amene akufuna uphunzitsi adziwe kuti akamaliza adzayenera kulembetsa ku Teaching Council of Zambia asanayambe ntchito.

Chachitatu ndi ngongole ya maphunziro. Bungwe la Higher Education Loans and Scholarships Board, limene linabwera ndi lamulo la 2016, limakongoza ophunzira a m'mayunivesite a boma, kuphatikizapo Chalimbana. Ndalama ya chakudya, imene inachotsedwa mu 2019, inabwezeretsedwa mu 2023. Koma ngongole imaperekedwa pa dzina la sukulu ndi maphunziro amene wophunzira anapempha, choncho asaganize kuti idzangomutsata monga mthunzi. Apite ku bungweli akafotokoze, ndipo asunge kalata ya yankho. Tisaiwale kuti iyi ndi ngongole ndithu, imene adzabweza akayamba ntchito. Chaka chilichonse chobwereza ndi katundu woonjezera pa malipiro ake a mtsogolo.

Masabata oyamba

Mapepala akatha, mayeso enieni amayamba. Ophunzira a chaka choyamba amalandiridwa ndi mwambo: amaonetsedwa laibulale, chipatala ndi maofesi, ndipo popeza onse ndi alendo, amagwirana manja msanga. Wosamuka amalowa m'kalasi la chaka chachiwiri kapena chachitatu, mmene aliyense ali kale ndi mpando wake, mnzake wophika naye ndi gulu lake lowerengera pamodzi. Nthabwala zimene amaseka zinayamba iye kulibe. Mphunzitsi akati "monga tinaonera chaka chatha", onse amagwedeza mitu, iye yekha nayang'ana pansi. Pa sukulu yaikulu mlendo amabisala m'chikhamu. Pa yaing'ono aliyense amadziwa tsiku lomwelo kuti kwabwera munthu watsopano, ndipo funso loyamba limakhala lomwe amaliopa: mwachokerako chifukwa chiyani?

Funso limeneli limalasa kwambiri amene wachokera ku yunivesite ya dzina lalikulu. Ena amayankha ndi kunyada, namayerekeza chilichonse ndi kumene achokera: laibulale ya kuja inali yaikulu, intaneti ya kuja inali yachangu. Munthu wotere amadzitsekera yekha khomo, pakuti palibe mwini mudzi amene amakondwa ndi mlendo wonyoza nsima imene wapatsidwa. Ena amayankha ndi manyazi, namadzitsekera m'chipinda, Lachisanu lililonse nakwera basi kubwerera ku Lusaka kwa anzao akale. Kuyandikira kwa mzinda kumasanduka msampha: thupi lili ku Chalimbana, mtima uli kwina, ndipo chaka chimatha asanadziwe dzina la woyandikana naye chipinda. Amene zimawayendera ndi aja amene amayankha mwachidule ndi moona, kuti ndalama zinavuta, kapena kuti ndinaona kuti njira ija si yanga. Yankho loona limathetsa miseche msanga, chifukwa ofunsawo ambiri amadziwa okha kuwawa kwa malipiro.

Palinso za moyo wa tsiku ndi tsiku. Wofika mochedwa kawirikawiri amapeza zipinda za pasukulu zitadzaza, nakachita lendi m'nyumba za anthu oyandikana. Kumeneko amaphunzira kugula makala ndi ndiwo mwanzeru, kugawana mphika ndi anzake, ndi kusunga madzi, pakuti dera la Chongwe limadziwa kuvuta kwa madzi m'miyezi yotentha mtsinje ukaphwa. M'chaka cha 2024, pamene madzi anachepa ku Kariba ndipo magetsi ankazima maola ambiri patsiku, wophunzira aliyense m'dziko muno anaphunzira kuwerenga kukali kowala ndi kusamala batire la foni ngati ufa wotsiriza. Mwana wokulira kumudzi saona chachilendo pa zimenezi. Wokulira m'tauni amavutika poyamba, makamaka ndi bata la usiku, pamene kulibe kopita koma kwa anzake kapena ku mabuku.

Koma kuchepa komweko kumene kumamuika poyera n'kumenenso kumamupulumutsa. M'holo ya ophunzira mazana ambiri, mwana angajombe mwezi wathunthu popanda womufunsa, ndipo ambiri amene amasamuka chifukwa cholephera anagwa m'njira imeneyi. M'kalasi laling'ono mpando wopanda munthu umaoneka. Mphunzitsi amadziwa dzina lako, amadziwa kalembedwe kako, ndipo ukakumana naye pamsika wa pa Chongwe angakufunse za ntchito imene sunapereke. Kwa wophunzira amene anazolowera kukhala nambala chabe, zimenezi poyamba zimakhala ngati kulondedwa. Pakapita miyezi amazindikira kuti ndi nthawi yoyamba chichokereni ku sekondale kuti munthu wina aone ngati iye alipo kapena palibe.

Kalumo kakuthwa

Makolo athu ankati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Wophunzira wosamuka sabwera chimanjamanja. Waona kaphunzitsidwe ka mitundu iwiri, ndipo angathe kusiyanitsa chimene chili chofunika ndi chimene chili chizolowezi chabe. Amene anachitako chaka cha sayansi amakhala mzati wa gulu pa phunziro la masamu. Mphunzitsi wa dipuloma amene waimapo kale kutsogolo kwa ana 80 m'kalasi limodzi kumudzi amatha kuuza achinyamata zimene buku la kaphunzitsidwe silinena. Koposa zonse, munthu amene anagwapo kamodzi amadziwa mtengo wa chaka, ndipo nthawi zambiri amawerenga ndi mtima wonse kuposa amene zonse zamuyendera chiyambire.

Njira yachidule yoonetsera kalumo kameneka ili kunja kwa kalasi. Pa sukulu yaing'ono kwaya imasowa mau a besi, timu ya mpira imasowa wapagolo, gulu la zisudzo limasowa woimba ng'oma, ndipo wobwera ndi luso lililonse amalandiridwa ndi manja awiri. Amene amalowa gulu limodzi lokha m'mwezi woyamba amapeza kuti pofika nthawi ya mayeso ali ndi anthu omubwereka zolemba za chaka chimene anaphonya. Ndipo amene amatuluka kunja kwa mpanda amapindula koposa. Asoli, eni dera limeneli, ali ndi chilankhulo chao ndi mwambo wao wa Chakwela Makumbi, wopempha mvula nyengo yodzala isanafike, umene umatsogoleredwa ndi Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II. Wophunzira wa uphunzitsi amene waphunzira kupereka moni m'Chisoli ndi kukhala pansi ndi akuluakulu a m'mudzi wadzikonzekeretsa bwino, pakuti boma likadzamulemba ntchito, monga linalembera aphunzitsi oposa 30,000 mu 2022, lingamutumize kudera kumene adzakhalanso mlendo. Amene anaphunzira kale kulowa m'mudzi wa eni ake sadzaopa.

Sitikunena kuti zonse n'zokoma. Sukulu yaing'ono ili ndi maphunziro ochepa oti munthu asankhepo, mabuku ndi zipangizo sizichuluka ngati kumzinda, ndipo cholakwa chimodzi chimadziwika ndi onse. Amene akufuna udokotala kapena uinjiniya ayenera kufuna sukulu imene imaphunzitsa zimenezo. Walira mvula walira matope: amene wasankha malo amene adzadziwike ndi dzina avomerenso kuti khalidwe lake lidzadziwika.

Udindo wathu

Tsono inu makolo, mwana akakuuzani kuti akufuna kusamuka, yambani ndi kumvetsera. Ana ambiri amabisa kulephera kapena ngongole kwa miyezi yambiri chifukwa choopa mkwiyo wa kunyumba, ndipo ena amapitiriza kulandira ndalama za sukulu imene anasiya kale. Mwana amene walimba mtima kunena zoona wachita chinthu chovuta, ndipo mau athu oyamba ndiwo adzamuuza ngati anachita bwino kutiuza. Pambuyo pake khalani naye pansi, muwerengere pamodzi: zaka zimene zatsala, malipiro, lendi, chakudya ndi ulendo. Ngati n'kotheka, mmodzi wa m'banja apite naye kukaona sukuluyo ndi nyumba imene adzagonamo, makamaka ngati ndi mtsikana. Ndipo kwa anansi nenani zoona popanda kugwetsa nkhope. Mwana amene makolo ake amabisa kumene ali amamva kuti iye mwini ndiye chinthu chochititsa manyazi.

Akapita, musamuitanitse kunyumba sabata lililonse, ngakhale kwanu kuli pafupi. Mulekeni miyezi iwiri kapena itatu kuti amere mizu. Mukamamuimbira foni, musamangofunsa za mayeso. Mufunseni amene amadya naye, ndipo dzina limodzi likayamba kubwerabwera m'nkhani zake, dziwani kuti wafika. Ngati pakutha pa miyezi imeneyi akali yekhayekha, sakugona bwino, kapena wasiya kulowa m'kalasi, musachedwe: muuzeni akaonane ndi ofesi yosamalira ophunzira kapena ndi mphunzitsi amene amamukhulupirira, ndipo inu mupite mukamuone.

Ife a m'maparishi ozungulira sukulu zotere, ku Chongwe ndi kwina konse, tilinso ndi gawo lathu, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ambiri mwa ophunzirawa amagona m'nyumba zathu zalendi ndipo amagula pa misika yathu. Mwini nyumba amene amaika chitseko cholimba, amene sakweza lendi pakati pa chaka, ndi amene amagogoda akaona kuti mwana sanatuluke masiku awiri, akuthandiza maphunziro a dziko lino monga mphunzitsi amene. Miphakati yathu imadziwa kulandira atsopano kumayambiriro kwa chaka. Iphunzirenso kuyang'ana amene amafika mochedwa, amene amakhala pa benchi la kumbuyo natuluka mapemphero asanathe. Mbale imodzi ya nsima pa Lamulungu masana ingasunge pa sukulu mwana amene anali atamanga kale chikwama. Ndipo inu ophunzira akale, amene muli ndi magulu anu ndi mipando yanu, sunthani pang'ono pa benchi. Zolemba zanu za chaka chatha, zimene zangokhala pansi pa bedi, ndi chuma kwa mnzanu amene wafika dzulo.